Valavu ya Njinga ya Bambo

Ndikadutsa pamene anthu akumata machubu a njinga, fungo la guluu lija likangondilowa m'mphuno, ndimapezeka ndabwerera pansi pa mtengo wa pichesi kwa agogo Fabiyano. Ndimadziona ndili ndi zaka khumi, miyendo yotuwa ndi chisanu cha mu Juni, ndakhala pa tayala lakutha, utsi wa zitsononkho ukufuka m'kambaula kawo n'kumasakanikirana ndi wa chingambwe chimene ankapichira m'khoko la chimanga. Patsogolo pawo pali beseni la madzi akuda loviikamo chubu pofuna poboola, pambali pali chitini chakale cha mkaka chodzaza tizitsulo tosawerengeka, ndipo iwo aweramira gudumu, akulizungulitsa pang'onopang'ono n'kumakhosomola chifuwa chawo chija chosatha.

Sadali agogo anga enieni. Adali mnansi chabe m'mudzi mwathu, kumtunda kwa Nzama, ndipo pakati pa nyumba yathu ndi yawo padali kamunda ka kabichi kokha. Akuluakulu ankawatchula ndi mfunda wawo, a Ngozo. Unyamata wawo wonse adauthera ku migodi ya ku Joni, kumene ankagwira makina obowolera miyala, ndipo ankakonda kunena kuti makutu awo adawasiya pansi pa nthaka pamodzi ndi chala chimodzi, tsiku lina adzapita kukatenga. Kuti amve, unkachita kuwakuwira pakhutu lakumanzere. Kutchalitchi ankaimba nyimbo ndi mtima wonse, koma ali m'mbuyo ndi mzere wathunthu, moti ife tikamati ameni iwo adali asadafike pakati.

Ndinene zoona, ndidayamba kuwakonda chifukwa cha ugonthi wawowo. Kwathu kudali kukangana, ndipo mudzi wonse unkamva. Ndikapita ku mjigo, azimayi ankasiya nkhani zawo n'kumandiyang'ana ndi chisoni chija chimene chimakuvula pagulu. Wina ankandisenzetsa ndowa mwaulemu wopitirira muyeso, wina ankafunsa ngati kunyumba tadzuka bwino, chonsecho yankho adali nalo kale. Kwa agogo Fabiyano kokha n'kumene ndinkakhala wopanda manyazi, poganiza kuti iwo sadziwa kanthu. Phokoso likayamba ndinkagwira dzanja mng'ono wanga Agi, tidutse m'kabichi muja, ndipo agogo ankangotipatsa ntchito, ine yopala chubu ndi kamwala, Agi yoyang'ana thovu m'beseni.

Makolo anga sadali anthu oipa, ndipo ndimakwiya munthu akafuna kuti ndisankhe wolakwa. Bambo adali mkamwini, kwawo kudali cha ku Champiti. Ankagula mbatata ya kachewere kwa alimi n'kumakagulitsa ku Tsangano pa njinga, matumba awiri pakaliyala, wina pakati. Atate awo atamwalira adawasiyira munda, ndipo ankafuna kutitenga tonse tikakhale kwawo. Amayi adakana kwamtuwagalu. Dimba la amayi awo, manda a abale awo, achemwali awo, zonse zidali pomwepo, ndipo amalume adanenetsa kuti mbumba yawo siichoka. Nkhani idali imodzi yomweyo, koma inkalowera paliponse. Inkatha kuyambira pa mchere wochepa m'ndiwo, kapena pa mbuzi yolowa m'munda, koma pothera pake padali pamodzi.

Amayi adali ndi lilime lakuthwa, bambo adali ndi ukali wochedwa kubwera koma wogwedeza chitseko. Sadamenyanepo, koma mawu awo ankandithamangitsira kuseri kwa nkhokwe. Agi, amene adali ndi zaka zinayi, ankangoluma kolala ya diresi lake mpaka kunyowa. Choipa kwambiri chidali masiku otsatira, pamene ankasiya kulankhulana n'kusandutsa ine mthenga. Onse ali pakhonde limodzi, amayi ankati ndikawauze abambo anga kuti madzi osamba ali kubafa, bambo ankati ndiwauze amayi anga kuti amva. Ndinkasintha mawu panjira, kuwathira ulemu umene eni ake sadaikemo, n'kumayembekeza kuti mwina wina amwetulira.

Lamulungu lina titachokera ku Misa, mkangano udafika pamene sudafikepo. Ndidali kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndidamva amayi akufunsa kuti: "Kodi inu pamudzi pano mudabwera ndi chiyani, kupatula njinga yanuyo?"

Kenako bambo adayankha motsitsa mawu: "Chabwino, amake Lusiya. Njinga yomweyo indibweza kwathu."

Mutu wa mwana umagwira mawu mmene abwerera. Ine ndidamva kuti chimene chichotse bambo pakhomo ndi njinga. Idali itatsamira khoma kuseri kwa nyumba, ndipo ntchito ya valavu ndidali nditaiona kambirimbiri kwa agogo. Valavu ndi kachitsulo kakang'ono ngati njere ya nyemba yaitali, kamene kamatsekera mpweya m'chubu. Ndidapotokola kamphete kake, n'kuphimba ndi nsalu kuti mpweya usalire potuluka, tayala lakumbuyo n'kuphwa mpaka pansi. Pofuna pobisa, ndidaganiza kuti palibe malo abwino oposa pakati pa tizitsulo tinzake. Ndidathamangira kwa agogo, ndipo iwo atatembenuka kukasonkheza moto ndidakaponya m'chitini muja.

Sipadapite nthawi, bambo adatulukira akukankha njinga, kachikwama ka zovala katamangidwa pakaliyala, nkhope ili gwa. Agogo adawalandira ngati mlendo wochokera kutali, adawapatsa kampando, n'kuyamba ntchito. Ntchito ya kubwezera valavu ndi yoti munthu sangamalize n'kudya nthochi imodzi, koma tsiku limenelo idatenga masana onse. Adatulutsa chubu chonse n'kuchiviika m'madzi mbali ndi mbali. Adapeza kuti masipoko atatu ndi olobodoka, tcheni chauma, mabuleki akudya mbali imodzi. Bambo ankati akufulumira, agogo ankayankha kuti inde, mvula ya chaka chino idavutadi. Adawagwiritsa gudumu n'kuyamba kuwasimbira za chikepe chotsikira mumgodi, mokuwa ngati akulankhula ndi munthu wa kutsidya la mtsinje. Munthu sungakangane ndi gonthi, ndipo sungachoke gudumu lako lili m'manja mwa mkulu. Pamene dzuwa linkapendeka, mapewa a bambo adali atagwa, ndipo ndidawaona akuseka pang'ono. Adathokoza, adakankhira njinga kunyumba, n'kumasula kachikwama kaja.

Ndidagona tsiku limenelo ndikudziona ngati munthu wamkulu kwambiri m'mudzi monse. Ndidali nditapeza mankhwala.

Ndidachitanso kachiwiri, kachitatu, kachinayi. Bambo ankadandaula kuti pali ana achipongwe amene akuwaseweretsa. Zidali zaka zimene zipani zidali zitangochuluka, sukulu yangokhala yaulere, ndipo chilichonse cholakwika akuluakulu ankachikankhira ku ufulu watsopanowo. Agogo nawo adapezerapo pothawira. Adapukusa mutu n'kuuza bambo kuti: "Ndi demokalase imeneyi, a Gama. Masiku ano ngakhale mpweya ukukana kukhala m'tayala." Kenako adapisa m'chitini n'kutulutsa valavu, ndipo sadalandirepo kanthu.

Koma mankhwala angawo adayamba kundidya ine ndemwe. Ndidasanduka mlonda wa njinga. Kusukulu tinkaphunzirira pansi pa mtengo chifukwa cha kuchuluka kwa ana, ndipo aphunzitsi akamalemba pabolodi ine mtima udali kuseri kwa nyumba yathu, kuganiza kuti bwanji akayambana ine kulibe. Nthawi yopuma ndinkanama kuti m'mimba mukupota, n'kuthamanga mtunda wonsewo kukangoona ngati njinga ilipo. Ndidasiya phada, ndidasiya fulaye. Azakhali atandiitana kuti ndikachezeko patchuthi ndidalira mpaka adandileka. Mayeso a teremu imeneyo ndidalephera, ine amene ndinkakhala nambala yachitatu, ndipo nawonso adasanduka nkhani yokanganirana. Ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti banja lathu laima pa zala zanga ziwiri, ndipo ndikangotayirira tsiku limodzi ligwa.

Tsiku lina masana ndikupala chubu, Agi atagona pa chiguduli, agogo adapisa m'chitini n'kundionetsa chikhatho chawo chopanda chala chimodzi chija. Mudalibe kanthu. Adati m'chitinimo mulibe valavu ina, ndipo ya bambo anga aibwezera kanayi tsopano, yomweyomweyo, ndipo mazinga ake akuwadziwa ngati mano a m'kamwa mwawo. Ndidawakuwira pakhutu kuti adziwa bwanji, popeza samva.

Adaseka mpaka kukhosomola. Adati makutu adapita koma maso adatsala. Kwathu kukavuta, utsi wa kukhitchini umachedwa kutuluka. Amayi anga amasesa pabwalo posesa kale. Kampando ka bambo kamasamukira kuseri kwa nyumba. Ndipo ana awiri amadutsa m'kabichi, wamkulu akuyenda ngati wasenza mtolo, wamng'ono ataluma kolala. Adati adaziona zonsezi kuyambira tsiku loyamba, ndipo machubu ambiri amene ndinkapala adali akutha, osafunikanso kumata.

"Sindikuletsa, Lusiya," adatero. "Ukabweretsa ndizibwezera, ndipo ndiziwachedwetsa mmene ndingathere. Koma ntchito waitengayi si ya mwana. Yakulemera."

Mukuganiza kuti ndidathokoza? Ndidapsa mtima koopsa. Malo amodzi okha amene ndinkabisalako manyazi adali atandiona kuyambira kale. Ndidadzutsa Agi mokoka, ndipo kwa milungu iwiri sindidapondeko kwa agogo. Ndikamapita ku mjigo ndinkazungulira njira yaitali. Ndinkawaona patali atakweza dzanja, ine n'kuyang'ana kumbali. Mwa zinthu zonse za ubwana wanga, milungu iwiri imeneyo ndi imene ndimafuna wina atandibwezera.

Mapeto adabwera mopanda phokoso, ndipo n'chifukwa chake adandipusitsa. Ankhoswe adabwera kawiri, adakhala pamphasa kuseri, adalankhula motsitsa, ife atatitumiza kokatola nkhuni. Sabata yonse m'nyumba mudali bata, amayi mpaka adachapa malaya onse a bambo n'kuwasita. Ine ndidayesa zinthu zakoma. Koma Loweruka m'mawa, nthawi yokumba kachewere, ndidaona kachikwama kaja pakhomo, katafufuma kuposa kale, bulangeti litakulungidwa pamwamba. Ndidathamangira kuseri n'kuchotsa valavu, ndipo mpweya udalira ndisadauphimbe.

Bambo adandipeza ndili chiimire pambali pa njinga, dzanja nditafumbata. Adayang'ana tayala, adayang'ana ine, nthawi yaitali. Sadakalipe. Adanjuta kuti nkhope zathu zifanane, ndipo ndidaona kuti maso awo ndi ofiira.

"Usavutikenso, mayi wanga," adatero. "Njingayi isunge ndiwe."

Adanyamula Agi n'kumutsitsa, adandigwira pamutu, adakoleka chikwama paphewa, n'kutsetsereka ndi kanjira kopita kumsewu, wapansi. Amayi adali m'khitchini, ndipo utsi sudatuluke tsiku lonse.

Sindikumbukira mmene ndidadutsira m'kabichi. Ndimangokumbukira ndili pakhutu la agogo, ndikukuwa ndi mphamvu zanga zonse kuti apita, apita wapansi. Kadali koyamba kufuna kuti amve chilichonse. Ndidati ndine wolakwa. Ndikadabisanso nsapato. Kapena ndikadaisiya njinga, bwenzi atapita nayo n'kubwerera nayo, koma tsopano ndawayendetsa pansi mtunda wonsewo ndipo sadzandikhululukira. Ndidanenanso za mayeso, kuti mwina ndikadakhoza sakadayambana. Agogo sadandidule. Sindidziwa kuti adamva zingati, koma adadikira mpaka mawu adandithera.

"Ukadabisa nsapato akadapita osavala," adatero. "Sudawathamangitse ndiwe, mwana wanga, ndipo sukadawagwira ndiwe. Ya akuluakulu ija ndi yawo."

Kenako adatenga dzanja langa n'kuyamba kulitsegula chala chimodzichimodzi. Ndidali nditafumbata valavu mwamphamvu moti idasiya chidindo chofiira pachikhatho. Sadaiponye m'chitini. Adaikulunga m'kapepala n'kuiika m'thumba la malaya.

Njinga idakhala kuseri kwa nyumba mwezi wathunthu, tayala lili phwa, nkhuku zikugona pakaliyala. Palibe ankaikhudza. Tsiku lina ndidaona agogo akudutsa m'kabichi kubwera kwathu, chinthu chimene sankachita kawirikawiri, atavala jekete lawo la kutchalitchi. Adakhala pakhonde ndi amayi. Popeza sankatha kunong'ona, ndidamva zonse. Adati za banja sizikuwakhudza ndipo sabwera kudzaweruza, koma mwana ali ndi njinga imene bambo ake adamusiyira, ndipo akupempha chilolezo choti amuphunzitse kupalasa, kuti azikawaona. Amayi adangosenda mbatata imodzi mpaka idatsala kadontho. Kenako adagwedeza mutu kuvomera, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Pansi pa pichesi paja agogo adatulutsa kapepala kaja n'kundipatsa. Adati amene adachotsa ndiye abwezere. Ndidailowetsa ndekha, ndidamanga kamphete ndekha, ndipo adandipatsa pampu kuti ndipope ndekha mpaka manja adawawa, iwo akutsina tayala n'kumati onjeza. Adatsitsa chishalo mpaka pansi, n'kumangirira timatabwa pa mapedulo kuti miyendo yanga ifike. Tinkaphunzirira pabwalo la mpira, iwo atagwira kaliyala, akuthamanga kumbuyo ndi chifuwa chawo chija, akukuwa malangizo amene ankamveka mpaka kutchalitchi. Amayi a ku mjigo adapeza nkhani yatsopano, yoti mwana wamkazi akukwera njinga yachimuna ngati mnyamata. Kwa nthawi yoyamba adandinena ine osachita manyazi.

Tchuthi chitafika tidanyamuka m'mamawa, iwo pa njinga yawo yakale, ine pa ya bambo, Agi akulira pakhomo kuti atsagane nafe. Amayi adamangirira kathumba ka kachewere pakaliyala osanena kuti n'ka yani. Potsetsereka agogo ankatsogola, pokwera tinkatsika n'kumakankha, ndipo kawirikawiri ankaima kuti akhosomole, n'kumanamizira kuti akuyang'ana tcheni. Tidafika cha ku Champiti dzuwa lili paliwombo. Mayi wina adatilozera munda, ndipo ndidaona bambo patali akusosa, atavala malaya amene amayi adasita aja. Ndidaliza belu. Adatembenuka, adaona njinga yawo ikubwera ndi kamunthu pamwamba, ndipo khasu lidagwa lokha m'manja. Adathamanga kudumpha mizere ngati mwana. Atanditsitsa adapita kwa agogo, adavula chipewa, adawagwira dzanja ndi manja awiri n'kunena pakhutu lakumanzere lija mawu amodzi okha: "Ngozo." Agogo adati atopa, ndipo adakagona pansi pa mtengo, chipewa kumaso, kutisiya awiri masana onse.

Makolo anga sadabwererane. Chimene ndinkachifuna ndi mtima wanga wonse wa zaka khumi sindidachipeze, ndipo sindinama kuti zidasiya kuwawa. Koma bambo sindidawataye. Ndinkapita tchuthi chilichonse, kenako ndekha, kenako ndi Agi pakaliyala, timatabwa tija titachotsedwa. Ndidaphunzira kufika kwa bambo osanyamula mawu a amayi, ndi kubwerera kwa amayi osanyamula mawu a bambo.

Agogo Fabiyano adamwalira ndili ku sekondale yogonera komweko. Chifuwa cha kumgodi chija chidawatenga m'nyengo yozizira, ndipo kunyumba adaona kuti asandisokoneze mayeso. Ndidamva nditabwera patchuthi, nditaona khomo lawo lotseka ndi udzu utamera pamene pankakhala beseni. Chitini adatenga achibale awo, pichesi adadula patapita zaka. Sindidawathokoze bwinobwino. Ndinkaganiza kuti nthawi ilipo, komanso mawu otere ndi ovuta kuwanena mokuwa. Lero ndikadakuwa mpaka mudzi wonse umve.

Tsopano ndimakhala m'tauni, m'nyumba ya mpanda wa njerwa, ndipo ndili ndi banja langa. Ifenso timasemphana, ndipo lilime la amayi ndidatengera lonse. M'mawa wina tidakwezerana mawu ndi bambo a kunyumba pa nkhani yosafunika n'kukumbukira, ndipo iwo atafuna kupita kuntchito makiyi a njinga yawo yamoto adasowa. Tidasanthula nyumba yonse. Kenako ndidaona mwana wanga wamkazi, wa zaka zisanu ndi ziwiri, ataima kuseri kwa chitseko, dzanja lina kumbuyo, kolala ya yunifolomu ili m'kamwa. Ndidagwada pamaso pake, ndidamutsegula zala chimodzichimodzi mpaka makiyi aja adaonekera, ndipo ndidamuuza mawu a agogo aja mmene adandiuzira, kuti ya akuluakulu ndi yawo, si iye adaiyambitsa ndipo si iye woti aikonze. Bambo ake nawonso adagwada. Tsiku limenelo tonse tidachedwa kuntchito.

Chimene chidandiwawa kwambiri n'choti mwana wanga adalibe kabichi woti adutsemo. Adalibe kothawira, koma kuseri kwa chitseko. Kuyambira pamenepo, kunyumba yoyandikana nafe kukamveka mawu okwera, ndimatsegula geti, ndimatulutsa lichero la nyemba pakhonde, ngakhale zosankha kale, n'kuitana ana awo awiri kuti adzandithandize. Amabwera mwakachetechete, wamkulu atagwira dzanja la wamng'ono. Makutu anga onse ndi abwinobwino, koma ana aja akakhala pakhonde panga, sindimva kanthu.